Mkaka ukasasa, waluza ndani?

Kumayambiriro kwa chaka cha 2025, kampani ya Lactalis Zambia, imene anthu ambiri amaitchulabe ndi dzina lakale la Parmalat, inalengeza kuti itseka fakitale yake ya mkaka mu Lusaka pofika kumapeto kwa Malichi, ndipo katundu wake azidzachokera ku South Africa. Munthu wa m'tauni sanade nkhawa kwenikweni, poti yogati ndi mkaka wa m'mapaketi adzazipezabe m'sitolo. Amene anasowa tulo ndi woweta ng'ombe. Ng'ombe ya mkaka simva za chilengezo. Imafuna kukamidwa m'mawa ndi madzulo, Lamulungu ndi pa Khirisimasi pomwe, ndipo mkakawo ukapanda kuziziritsidwa, pakangopita maola ochepa wayamba kusasa.

Fakitaleyi inali ndi mbiri yaitali. Kale mkaka wa m'dziko muno unkagulidwa ndi bungwe la boma la Dairy Produce Board. M'zaka za m'ma 1990, boma la Frederick Chiluba likugulitsa makampani a boma, ntchitoyi inapita m'manja mwa kampani ya Bonnita ya ku South Africa. Mu 1998 Parmalat ya ku Italy inagula Bonnita, ndipo mu 2011 Lactalis ya ku France inatenga Parmalat. Zonsezi zinkakambidwa m'maofesi akutali, pamene mlimi ankangoona kuti dzina la pa galimoto yodzatenga mkaka lasintha.

M'makalasi a zamalonda masiku ano amaphunzitsa kuti kampani yanzeru simangothamangira mtengo wotsika pogula katundu wake, koma imasankha ogulitsa ochepa amene singathe kuchita popanda iwo, n'kumanga nawo ubale wokhalitsa. Mfundoyi ndi yoona. Koma kuti tiiyese bwino, tiichotse m'kalasi, tipite nayo kumene wogulitsayo ali ndi ng'ombe zitatu ndi njinga imodzi.

Malo amodzi otere ndi boma la Chongwe, limene lili kum'mawa kwa Lusaka, pamtunda wa makilomita pafupifupi 45 pa msewu wa Great East wopita ku Chipata. Ndi dziko la Asoli, kwa Mfumu Yaikulu Nkomeshya Mukamambo II, imene yakhala pampando kuyambira 1971, kwawo kwa mwambo wa Chakwela Makumbi wopempha mvula. Bwalo la ndege la Kenneth Kaunda lili m'boma lomweli, yunivesite ya Chalimbana nayonso. Koma ntchito yaikulu ya Chongwe ndi kudyetsa Lusaka. Repu, matimati, kabichi, mazira, nkhuku ndi mkaka zimalowa mumzinda usiku ndi m'bandakucha pa makenta ndi pa njinga. Wogula wamkulu aliyense wa mu Lusaka amene amafuna chakudya chosakhalitsa, maso ake amayang'ana kuno.

Ku Palabana, kumene kuli sukulu ya boma yophunzitsa ulimi wa ng'ombe za mkaka, alimi ali ndi kopaletivi ndi malo osonkhanitsira mkaka, ndipo kwa zaka zambiri ankagulitsa ku Parmalat. Amene sanaonepo ntchito ya pamalo ngati awa angaganize kuti ndi kungothira mkaka m'thanki. Ayi ndithu. Anyamata amafika pa njinga, zigubu zachitsulo atazimanga ndi mphira pa kaliyala. Wolandira mkaka amatsegula chivundikiro n'kuyamba wanunkhiza. Kenako amatapa pang'ono n'kusakaniza ndi spiriti yoyesera. Ukachita timibulu, ndiye kuti wayamba kuwonongeka, ubwerere kumene wachokera. Ukapambana pamenepo, amaviikamo kagalasi koyandama kamene kamaulula ngati wina wathiramo madzi panjira. Akatero amaupima, n'kulemba malita pa dzina la mlimi m'buku, mkakawo n'kulowa m'thanki youziziritsa mpaka madigiri 4. Zonsezi mlimi kapena mwana wake amaziona ndi maso, ndipo akakanidwa amadziwa chifukwa chake, ngakhale amachoka akung'ung'udza.

Mayeso achiwiri ndiwo amabala mkangano. Galimoto ya thanki ikafika ku fakitale, mkaka umayesedwanso: kuchuluka kwa tizilombo, mafuta ake, ndiponso ngati muli mankhwala. Ng'ombe imodzi yobayidwa jakisoni wa matenda a bere, mwini wake n'kukama osadikira masiku amene dokotala wa ziweto ananena, ikhoza kukanitsa thanki yonse ya anthu makumi angapo. Fakitale ili ndi chifukwa chomveka chokanira, poti mkaka wa mankhwala supanga yogati ndipo ndi woopsa kwa womwa. Koma kumeneko kulibe mlimi woona. Woyesa ndi wa fakitale, makina ndi a fakitale, ndipo amene apindule mkaka ukaikidwa m'giredi yotsika ndi fakitale yomweyo. Ngakhale woyesayo akhale woona mtima chotani, kumudzi kumafika uthenga umodzi wokha: atidula.

Ine ndimaona kuti ubale wa wogula ndi wogulitsa umaonekera pamenepa, osati pa tsiku losainirana pangano pamene pali zakumwa ndi ojambula zithunzi. Funso lake ndi loti chinthu chikalakwika, zotayikazo asenza ndani, ndipo wamng'onoyo ali ndi njira yanji yotsimikizira kuti sanaberedwe. Mankhwala ake si odula. Mkaka wapang'ono wa m'thanki uzisungidwa m'kabotolo komata mbali zonse ziwiri zikuona, kuti pakakhala mkangano ukayesedwe kwina. Zotsatira za mayeso zizitumizidwa pa foni tsiku lomwelo, osati kudzazionera pa pepala la malipiro mwezi utatha. Wa komiti ya kopaletivi aziloledwa kulowa m'chipinda choyesera nthawi ndi nthawi. Kampani imene ikuopa zinthu zitatuzi ikudziwa yokha chimene ikubisa.

Kenako pali tsiku la malipiro. Mafakitale salipira pompopompo. Amadikira masabata awiri kapena mwezi. Pamene mlimi akudikira, ng'ombe ikufuna gaga, mchere ndi dipi, poti nkhupakupa zobweretsa chigodola sizidikira kutha kwa mwezi. Ndiye pageti pamaima wavenda ndi zigubu zake zapulasitiki, ndalama ili m'manja, alibe spiriti, alibe kagalasi. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mlimi amagawa mkaka pawiri, wina kwa wavenda, wotsala ku kopaletivi, ndipo ku fakitale amayamba kudandaula kuti alimi ang'onoang'ono ndi osakhulupirika.

Kudandaulako kuli ndi mbali imene sikunena. M'chilimwe, msipu ukauma, mkaka umachepa, mtengo kunja umakwera, ndipo ndi nthawi imene mlimi amazemba. Mvula ikagwa, udzu n'kumera, mkaka umasefukira, ndipo ndi nthawi imene ogula amatsitsa mtengo, amakhwimitsa mayeso, kapena galimoto imayamba kudumphitsa masiku. Aliyense ali ndi nyengo yake yothawira mnzake, ndipo aliyense amakumbukira zimene mnzake anamuchita nyengo yapita. Pangano loyenera dzina la ubale liyenera kumanga nyengo ziwirizi pamodzi: wogula alonjeze kutenga malita akutiakuti a Januwale pa mtengo wosatsika kupitirira apa, mlimi alonjeze kubweretsa malita akutiakuti a Okutobala, ndipo wosunga lonjezo m'chilimwe azipatsidwa kanthu kapamwamba. Makampani ena amapereka chakudya cha ng'ombe pangongole n'kumadula pa malipiro a mkaka. Zimathandiza, bola mtengo wa chakudyacho ukhale wodziwika kuyambira pachiyambi, apo ayi ngongoleyo siisiyana ndi kaloba.

Anthu a chigawo cha Kum'mawa amaidziwa bwino nkhani yozemberanayi kudzera m'thonje. Mu 1994 boma linagulitsa kampani ya Lintco kwa Lonrho ndi Clark Cotton, amene ankapereka mbewu ndi mankhwala pangongole. Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kunabwera ogula ena amene sanabwereketse kanthu, motero ankatha kupereka mtengo wokwererapo. Alimi ambiri anagulitsa kwa iwo, ngongole sizinabwezedwe, ndipo malonda onse a thonje anatsala pang'ono kugwa. Kampani ya Dunavant, imene inatenga malo a Lonrho, sinathetse vutoli ndi apolisi. Inasankha alimi a m'midzi momwemo kuti ndiwo azigawa zipangizo kwa anzawo amene akuwadziwa, ndipo malipiro a ogawawo ankadalira kuchuluka kwa ngongole zobwezedwa. Kubweza kunakwera kwambiri. Kampani inavomereza kuti munthu wokhala m'mudzi amadziwa wolimbika ndi wozemba kuposa kalaliki wa ku ofesi, ndipo inalolera kulipira nzeru imeneyo.

Chaka cha 2024 chinayesa mapangano onse. Pa 29 Febuluwale, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti chilala ndi tsoka la dziko lonse; mahekitala pafupifupi 1 miliyoni mwa mahekitala 2.2 miliyoni a chimanga anali atapserera. Madzi atachepa ku Kariba, kampani ya magetsi ya ZESCO inayamba kuzimitsa magetsi, ndipo pofika Sepitembala malo ambiri ankakhala mumdima maola oposa 20 pa tsiku. Kwa woweta ng'ombe za mkaka linali tsoka la mbali zitatu: msipu palibe, gaga wakwera mtengo chifukwa chimanga chasowa, ndipo thanki yoziziritsira ikufuna jenereta ndi dizilo. Dizilo ameneyo ankateteza mkaka umene fakitale inkaufuna kwambiri m'chaka cha njala ya mkaka. Kunena zoona, ndalama yake inayenera kugawidwa pakati pa awiriwo. Koma pangano limene silinatchule za magetsi limasiya katundu yense pamutu pa mwini thanki, ndipo mwini thanki ndi kopaletivi.

Kumbali ya ndiwo zamasamba zinthu ndi zosiyanako. Kafukufuku amene David Tschirley ndi Munguzwe Hichaambwa anachita cha m'ma 2010 anaonetsa kuti matimati, repu ndi anyezi wambiri wodyedwa mu Lusaka amadutsa pa msika wa Soweto, kuti Chongwe ndi limodzi mwa maboma odyetsa msikawo, ndipo kuti masitolo akuluakulu ankagulitsa gawo laling'ono chabe. Pa Soweto mlimi sagulitsa yekha. Amapereka mabokosi ake kwa ejenti, amene amatengapo pafupifupi 10 peresenti, ndipo alimi akhala akudandaula kuti ena amabisa mtengo weniweni umene agulitsira. Komabe alimi ambiri amabwerera kwa ejenti yemweyo chaka ndi chaka. Chifukwa chake n'chosavuta: ejentiyo amaimba foni usiku kunena kuti mawa msika wadzaza, usathyole, nthawi zina amabwereketsa ya fetereza, ndipo ndalama imatuluka tsiku lomwelo. Ogula a m'maofesi amanyoza anthu amenewa, chikhalirecho ejenti wabwino amachita zinthu zimene iwo amangoziwerenga m'mabuku.

Shoprite inatsegula sitolo yake yoyamba mu Zambia mu 1995, pa msewu wa Cairo, ndipo zaka zoyambirira inadzudzulidwa kwambiri chifukwa choitanitsa ku South Africa ngakhale ndiwo zimene zimalimidwa konkuno. Itafika ku Chipata, alimi a m'mudzi wa Luangeni, kwa Mpezeni, anaona kuti makasitomala awo a m'tauni atengedwa, ndipo mkwiyo unafika poopseza kuwotcha sitoloyo. Zotsatira zake zinali mgwirizano umene unayamba cha m'ma 2000, woti alimiwo aziphunzitsidwa n'kumagulitsa masamba ku sitolo. Ofufuza amene anaulondola anapeza kuti sunayende myaa. Sitolo inkafuna katundu wofanana, pa tsiku lake, chaka chonse; alimi ankakolola onse nthawi imodzi, zochuluka kuposa zimene sitolo imodzi ingagulitse. Mtima wabwino unalipo, koma kalendala yobzalira mosinthana ndi oda yodziwikiratu ndi zimene zimasunga mgwirizano wotere, ndipo zimenezi zimafuna munthu wolembedwa ntchito yoyendera minda sabata ndi sabata.

Shoprite yomweyo ili ndi chitsanzo china chosiyana kotheratu. Kuyambira 1995 mabutchala a m'masitolo ake mu Zambia akhala akuyendetsedwa ndi Zambeef, imene panthawiyo inali kampani yaing'ono yongoyamba kumene. Sitolo ikatsegulidwa m'tauni yatsopano, Zambeef imalowa nayo. Msika wotsimikizika umenewu unathandiza kampaniyo kukula mpaka kulowa pa msika wa masheya wa Lusaka mu 2003 ndi wa ku London mu 2011. Apa ubale unagwira chifukwa mbali zonse ziwiri zinaikapo chinthu chovuta kuchichotsa: wina anapereka malo m'sitolo mwake, wina anaikamo antchito ake, mafiriji ake ndi dzina lake. Kulekana kukanapweteka onse awiri. Mlimi wa repu wa ku Chongwe alibe mphamvu yotere payekha, ndipo n'chifukwa chake kopaletivi yoyendetsedwa bwino si nkhani ya chitukuko chabe. Ndi njira yokhayo yoti wogula amve kuwawa akawataya alimiwo.

Koma kudalira wogula mmodzi kuli ndi mtengo wake, ndipo alimi ozungulira Lusaka anaulipira kale Lactalis isanatseke. Kampani ya Agriflora inkatumiza maluwa ndi ndiwo ku masitolo a ku Ulaya, ndipo inakokera alimi ang'onoang'ono mazana angapo mu ulimi wa chimanga chanthete, nsawawa ndi zitheba, kudzera m'makopaletivi okhala ndi mosungira mozizira. Unkatchulidwa ngati mgwirizano wachitsanzo. Mu 2004 kampaniyo inagwa chifukwa cha mavuto a zachuma, ndipo alimi anatsala ndi mbewu zimene pa Soweto palibe amazifuna. Ena anadzisonkhanitsa n'kupeza wogula wina wotumiza kunja, ambiri anabwerera ku chimanga ndi matimati. Wogula akamauza mlimi kuti lima ichi, gula ng'ombe ya mtundu uwu, manga khola lotere, akumulowetsa m'njira yovuta kubwerera. Pamenepo ali ndi ngongole kwa mlimiyo yomuuza zoona za mmene kampani ikuyendera, ndi yomuchenjeza nthawi ikadalipo. Miyezi iwiri kapena itatu ndi yokwanira kutseka fakitale, koma ng'ombe imatenga miyezi isanu ndi inayi kuti ibereke, ndipo thole limatenga zaka ziwiri kapena kuposerapo lisanayambe kukamidwa.

Aphunzitsi a zamalonda amakonda nkhani ya Toyota. Pa 1 Febuluwale 1997, moto unapsereza fakitale ya Aisin ku Kariya, ku Japan, imene inkapanga pafupifupi mavavu onse a mtundu wina a mabuleki a magalimoto a Toyota. Anthu ankayembekezera kuti kampaniyo iima kwa masabata ambiri. M'malo mwake makampani pafupifupi 200 anagawana mapulani a kachipangizoko n'kuyamba kukapanga, osayamba akambirana za malipiro, ndipo pasanathe sabata mafakitale a Toyota anayambanso kugwira ntchito. Nkhaniyi imakambidwa ngati umboni wa kukhulupirirana, koma chimene chimaiwalika ndi choti Toyota inali itatha zaka makumi ikutumiza mainjiniya ake kukathandiza makampaniwo, ndiponso kuti pambuyo pa motowo inawapatsa ndalama yowathokoza. Anathamanga chifukwa ankadziwa kuti Toyota sidzawataya. Mbali inayo ya dziko ili ndi phunziro losiyana: mu 2016 woyang'anira malonda a masitolo akuluakulu ku Britain, Christine Tacon, anapeza kuti Tesco inkachedwetsa dala malipiro a ogulitsa ake kuti mabuku ake aoneke bwino. Ngati zimenezi zinkachitikira makampani okhala ndi maloya, kuli bwanji mayi wa mazira wa ku Chalimbana amene invoisi yake yasowa kachiwiri mu ofesi ya akaunti?

Boma nalo ndi wogula, ndipo ndi wamkulu kuposa onse. Bungwe la Food Reserve Agency linakweza mtengo wa thumba la chimanga la makilogalamu 50 kufika pa K330 mu 2024 ndi K340 mu 2025, mitengo imene inakopa alimi ambiri. Koma dandaulo la kuchedwa kwa malipiro limabwera pafupifupi chaka chilichonse, ndipo mlimi amene ndalama yake yafika mvula itagwa kale wabzala mochedwa kapena wabzala popanda fetereza. Mtengo wabwino wolipidwa mochedwa umathamangitsira anthu kwa ogula oyenda ndi sikelo m'midzi.

Tisawayeretse alimi. Madzi m'mkaka amathiridwa ndithu. Matimati owola amabisidwa pansi pa bokosi, abwino pamwamba. Makopaletivi ena amafa chifukwa komiti yadya ndalama, kapena chifukwa wapampando wakhala zaka khumi osaitanitsa chisankho. Wogula amene wapirira zotere kawiri katatu akathawira kwa mlimi mmodzi wamkulu wokhala ndi ng'ombe mazana asanu, palibe angamunene. Kopaletivi yofuna kulemekezedwa iyenera kuyamba yalanga membala wake isanadikire kuti fakitale ilange onse, ndipo mabuku ake azikhala poyera kuti membala aliyense aone malita ndi ndalama.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi china. Zambiri zimene zinapangitsa kuti mlimi wamng'ono akhale woyenera kugulitsa ku fakitale kapena ku sitolo sizinalipiridwe ndi fakitale kapena sitolo. Ku Kasisi, m'boma lomweli la Chongwe, Ajezuiti anatsegula malo ophunzitsira ulimi mu 1974, motsogozedwa ndi Bulazala Paul Desmarais wa ku Canada, ndipo kuyambira m'zaka za m'ma 1990 akhala akuphunzitsa ulimi wosadalira fetereza ndi mankhwala a m'sitolo. Malo ambiri osonkhanitsira mkaka m'dziko muno anamangidwa kapena kupatsidwa mathanki m'zaka za m'ma 2000 ndi thandizo la mabungwe monga Land O'Lakes, ndi ndalama za USAID. Makampani anapeza alimi ophunzitsidwa kale, mathanki oikidwa kale, n'kungotumiza galimoto. USAID inatsekedwa mu 2025, ndipo mayiko ena opereka thandizo akuchepetsanso.

Mafakitale otsala, monga Zammilk ya Zambeef, Varun yopanga Creambell, Dairy Gold ya Trade Kings ndi Finta ya ku Livingstone, akufuna mkaka, ndipo anthu a mu Lusaka akuchulukirachulukira. Koma thanki imene inaikidwa zaka makumi awiri zapitazo kompuresa yake yatopa, ndipo pambuyo pa mdima wa 2024 aliyense akudziwa kuti pakufunika sola ndi mabatire. Kopaletivi payokha banki siingaibwereke ndalama yotere, chifukwa ilibe chikole. Ikhoza kubwereka ngati ili ndi pangano la zaka zitatu kapena zisanu ndi fakitale, lotchula malita, kawerengedwe ka mtengo ndi tsiku la malipiro, fakitaleyo n'kuvomera kumadula ngongoleyo pang'onopang'ono pa lita iliyonse n'kumatumiza ku banki. Pepala lotere limamanga manja a wogula kwa zaka zingapo, ndipo m'makampani ambiri woyang'anira zogula amayamikiridwa potengera ndalama zimene wapulumutsa chaka chino chokha. Bwana amene akufunadi mkaka wa ku Chongwe mu 2030 ayambe wasintha mmene amapimira ntchito ya munthu ameneyo.